Musanavale Jekete la Bungwe: Mawu kwa Achinyamata Olowa Ntchito Yothandiza pa Ngozi

Chaka chilichonse dzinja likamayandikira, mabungwe othandiza anthu pa ngozi zogwa mwadzidzidzi amayamba kuitana achinyamata ku maphunziro. Ena amaitanidwa ndi Red Cross, ena ndi khonsolo, ena ndi mabungwe a mipingo. Masiku ano kawirikawiri nonse mumakakumana m'holo imodzi, wophunzitsa wam'mawa ali wa ku DoDMA, nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, wamasana wa ku UNICEF, wa mawa lake ali msilikali wodziwa za maboti. Inu amene mwalandira kalata yotere, ndi inu amene mukuilakalaka, tcherani khutu kwa ife amene takulira pantchitoyi. Maphunziro amene mabungwe amachitira pamodzi ndiwo chuma chenicheni chimene mungatenge, kuposa alawansi, kuposa satifiketi, kuposa jekete lolembedwa dzina la bungwe kumsana. Chilichonse chimene mukaphunzire kumeneko chinalembedwa anthu atafa kale, chifukwa othandiza sankadziwa ntchito kapena sankamvana.

Sindikukokomeza ayi. Mu Julaye 1994, anthu oposa theka la miliyoni othawa kuphana kwa ku Rwanda anakhamukira ku Goma, m'dziko limene nthawiyo linkatchedwa Zaire. Nthaka ya kumeneko ndi thanthwe la chiphalaphala cha phiri lophulika, moti kukumba chimbudzi kapena manda inali ntchito yosatheka ndi khasu. Anthu ankamwa madzi a m'nyanja ya Kivu osathira mankhwala. Kolera ndi kamwazi zinapha anthu pafupifupi 50,000 m'mwezi woyamba wokha. Mabungwe analipo ambirimbiri, ndalama zinabwera, anthu a chifundo anatsika m'ndege. Koma ena mwa iwo anali asanasamalirepo wodwala kolera, ndipo bungwe lililonse linkayendera nzeru zake. Kafukufuku amene maiko ndi mabungwe anachitira limodzi, yemwe anatuluka mu 1996, anaonetsa poyera kuti chifundo chopanda luso chimaphetsa. Chaka chotsatira, mu 1997, mabungwe omwe si aboma pamodzi ndi a Red Cross anayambitsa ntchito yotchedwa Sphere, n'cholinga choti onse akhale ndi muyezo umodzi wa thandizo limene munthu wogweredwa ngozi ayenera kulandira.

Langizo langa loyamba n'lakuti muyezo umenewu muulowetse m'mutu mpaka muzitha kuunena mutadzidzimutsidwa kutulo. Munthu mmodzi afunika madzi osachepera malita 15 patsiku, akumwa, ophikira ndi osamba. Potunga madzi pasatalikire kuposa mamita 500. Mjigo umodzi ndi wa anthu 500. Chimbudzi chimodzi ndi cha anthu 20, ngakhale m'masiku oyambirira a chipwirikiti timalolera kuti chimodzi chitumikire anthu 50. Malo ogona a munthu mmodzi asachepere masikweya mita 3.5.

Manambalawa amaoneka ouma ali papepala, koma taonani ntchito yake. Tiyerekeze kuti mwafika pasukulu yapulaimale imene yasanduka msasa. M'makalasi muli anthu 1,200, madesiki awaunjika panja, amayi ayanika zitenje pamawindo, utsi wa nkhuni zonyowa uli tolo. Pasukulupo pali mjigo umodzi ndi zimbudzi 8, ndipo ziwiri mwa izo zadzaza madzi. Wosaphunzira amaimba foni n'kunena kuti, "Kuno zinthu zavuta kwambiri, anthu akuvutika." Mawu amenewo ndi oona, koma palibe galimoto imene inganyamuke chifukwa cha iwo. Wophunzira amayenda kaye msasa wonse ndi kope m'manja, kenako n'kunena kuti: anthu alipo 1,200, pakufunika madzi malita 18,000 patsiku, ndiwo zigubu 900 za malita 20, mjigo ulipo umodzi pamene pafunika itatu, zimbudzi zogwira ntchito ndi 6 pamene lero lomwe pafunika 24. Wa bungwe lina lililonse amene wamva zimenezi amadziwa pomwepo chimene anyamule, chifukwa nayenso anaphunzira muyezo womwewo. Phindu la kuphunzirira pamodzi lagona apa. Simutaya tsiku lonse kukangana kuti madzi okwanira ndi ochuluka bwanji, pamene ana ayamba kale kutsekula m'mimba.

Chachiwiri, dziwani malo anu m'dongosolo lonse, ndipo dziwaninso malo a anzanu. Kuyambira mu 2005 mabungwe padziko lonse amagawana ntchito m'magulu amene timawatchula kuti ma cluster, ndipo njirayi inayesedwa koyamba chivomerezi chitagwedeza dziko la Pakistan chaka chomwecho. Kuno kwathu boma ndilo limatsogolera, mabungwe n'kumaima pambali pake. Za madzi ndi ukhondo unduna umagwira ndi UNICEF, za umoyo ndi WHO, za chakudya ndi mtengatenga wa katundu ndi WFP, za malo ogona ndi Red Cross, ndipo kusaka ndi kupulumutsa anthu amatsogolera ndi asilikali. Pamwamba pa zonsezi pali DoDMA, ndipo m'boma lililonse nkhani zimathera kwa bwanamkubwa. Achinyamata ambiri amanyansidwa ndi misonkhano ya kukhonsolo, amati n'kutaya nthawi anthu akumira. Ndikumvetsa, magazi aunyamata amafuna kuthamanga. Koma ndaona ndi maso anga mudzi wa m'mphepete mwa tala ukulandira mabulangete katatu kuchokera ku mabungwe atatu, pamene mudzi wa kutsidya kwa mtsinje, kumene galimoto silifika, sunaone ngakhale ndowa imodzi. Panalibe woipa mtima pakati pa mabungwewo. Anangolephera kukhala pansi n'kulemba kuti ndani akupereka chiyani, kuti, ndiponso liti. Fomu yooneka yotopetsa ija, imene mudzaphunzitsidwe kulemba, ndiyo imakumbutsa anthu kuti kuli Makhanga, kumene madzi a Shire ndi Ruo akasefukira kumafikika pa boti kapena pa helikopita basi.

Chachitatu, pamaphunziro musakhale phee pagulu la anzanu ovala jekete lofanana ndi lanu. Ichi ndi chizolowezi chimene chimandiwawa mtima. Nthawi ya tiyi ikakwana mumaona a bungwe ili aima pawokha, a khonsolo pawokha, alangizi a zaumoyo pawokha, mavolontiya a kumudzi ali kumapeto kwenikweni akuchita manyazi. Tulukani pagulu lanu. Kapatseni moni msilikali, wapolisi, dalaivala wa lole, namwino, mayi wa mu komiti ya kumudzi. Lembani manambala awo, m'foni ndi m'kope momwe, chifukwa foni imatha moto ndipo magetsi amazima nthawi imene mukuwafunitsitsa, monga zinachitikira mu Januwale 2022 namondwe wa Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira. Tsiku limene mlatho wakokoloka simudzaimbira ofesi ya bungwe, mudzaimbira munthu. Ndipo munthu amayankha msanga foni ya amene anadya naye nsima.

N'chifukwa chake maphunziro oyeserera ngozi, amene amasonkhanitsa mabungwe onse pabwalo limodzi, musawaphonye ngakhale atakhala opanda alawansi. Ku Bangula m'boma la Nsanje, WFP mogwirizana ndi boma inakhazikitsa malo osungirako katundu wa pangozi, ndipo malowa amagwiranso ntchito yophunzitsirapo. Pamaphunziro otere mumadzutsidwa m'bandakucha n'kuuzidwa kuti msewu waduka, mumange tenti yaikulu yosungiramo katundu, mulandire malole, muwerenge matumba, mugawe ntchito ndi anthu amene munali musanawaonepo dzulo. Pamenepo m'pamene pamaonekera kuti fomu ya bungwe ili sigwirizana ndi ya bungwe lija, kuti uyu amawerenga mabanja pamene uyo amawerenga anthu, kuti palibe anakumbukira mafuta a boti. Kuli bwino zolakwikazi zituluke padzuwa la Okutobala, osati pamvula ya Malichi.

Chachinayi, phunzirani ndi manja, osati ndi makutu okha. Namondwe wa Freddy anafika mu Malichi 2023 dziko lili kale pakati pa mliri wa kolera umene unayambira ku Machinga mu Malichi 2022, mliri umene unadwalitsa anthu oposa 58,000 n'kupha oposa 1,700. Namondweyo anasiya anthu oposa 650,000 opanda pogona, ndipo oposa 1,000 anafa kapena kusowa osapezekanso. Taganizirani misasa mazanamazana, anthu othithikana, mijigo itamira, zimbudzi zitagumuka, kolera ali pakhomo. Pamalo otere satifiketi siyankhula. Chimene chimafunika ndi munthu wodziwa kusungunula klorini. Madzi osamba m'manja amafuna mphamvu ya 0.05 peresenti. Otsukira pansi, mabedi ndi zovala za wodwala amafuna 0.2 peresenti. Othira pa masanzi, pa chimbudzi cha wodwala ndi pokonza thupi la womwalira amafuna 2 peresenti. Mukasokoneza ndowa zitatuzi, mwina muwaula manja a anthu, mwina musiya tizilombo tamoyo pabedi limene agonepo wodwala wina. Choncho wophunzitsa akafunsa kuti ndani abwere kutsogolo adzayese, imirirani ndinu. Gwirani supuni, yezani ufa wa klorini, lembani pa ndowa ndi zilembo zikuluzikulu. Sungunulani Thanzi ORS mu lita imodzi ya madzi otetezedwa, ndipo phunzirani kumwetsa mwana amene akusanza, pang'onopang'ono ndi kasupuni, osataya mtima.

Chimodzimodzi kalamba koyezera mkono wa mwana. Kamaoneka ngati choseweretsa, kali ndi mitundu itatu, yobiriwira, yachikasu ndi yofiira. Mumapeza pakati pa phewa ndi chigongono cha mkono wamanzere, mkonowo uli lende, n'kuzunguliza kalambako mosamangitsa komanso mosalekerera. Pakafika pofiira, ndiye kuti mkono sukukwana masentimita 11.5, mwanayo ali pangozi ndipo afunika kuonedwa ndi achipatala tsiku lomwelo kuti ayambe kulandira chiponde. Mukamangitsa pang'ono, mwana wathanzi mumulemba kuti ndi wonyentchera; mukalekerera, wonyentchera mumubweza kumsasa kuti akafooke. Luso limeneli silibwera poonera zithunzi pakhoma. Pemphani mlangizi wa zaumoyo amene wayeza ana kwa zaka zambiri akuyang'anireni, ngakhale inu muli ndi digiri iye alibe. Safunsa anadya phula.

Chachisanu ndi chimene ndikufuna muchimvetsetse kuposa zonse. Mukangogwira m'ndandanda wa olandira thandizo, mwasanduka munthu wamphamvu, ngakhale muli ndi zaka 22. Mayi wamasiye amene ufa wake wonse wapita ndi madzi adzakugwadirani. Mtsikana amene akulera azing'ono ake adzakusekererani. Musadzanamizike kuti amakukondani: ndi njala ikuchita zimenezo. Mu 2002, lipoti la UNHCR ndi Save the Children linaulula kuti m'misasa ya othawa kwawo ku Guinea, Liberia ndi Sierra Leone, ena ogwira ntchito zothandiza ankagona ndi ana powapatsa chakudya, sopo kapena lona. Kuchokera pamenepo mabungwe anagwirizana malamulo amodzi, ndipo mudzawapeza pa maphunziro alionse oona. Kugonana ndi munthu wosakwana zaka 18 n'koletsedwa, ndipo kunena kuti simunadziwe msinkhu wake si chodzikanira. Kusinthanitsa thandizo, ndalama kapena ntchito ndi thupi la munthu n'koletsedwa. Ndipo mukaona kapena kukayikira mnzanu, kaya ndi wa bungwe lanu kaya la ena, muli ndi udindo wokanena. Lamulo lomalizali ndilo limavuta, chifukwa tinaleredwa kuti tisamaulule za mnzathu. Koma kubisa wogwirira si umunthu. Dziwani kumene nkhani zotere zimakatulidwa, dziwani apolisi oona za nkhanza, ndipo nambala ya 116 yothandiza ana muziiuza anthu pamsasa uliwonse. Kumbukiraninso kuti thandizo ndi laulere. Amene akuuza anthu kuti apereke kangachepe kuti alembedwe, kaya ndi mfumu, kaya wa komiti, kaya bwana wanu, akuba chakudya cha amasiye.

Tsopano za alawansi. Sindikunyoza ndalama, ndikudziwa kuti ntchito n'zosowa ndipo kunyumba akukuyembekezerani. Mukapatsidwa, landirani ndi manja awiri. Koma pali matenda amene alowa pantchito yathu, ndipo sindifuna akugwireni. Alipo anthu amene amayendayenda m'maphunziro ngati ntchito, sabata ino ali ku Liwonde, yamawa ku Mponela, funso lawo loyamba n'lakuti akupereka zingati. Amasaina m'mawa n'kusowa, kudzatulukiranso madzulo pa envelopu. Aphunzira kasanu za kasamalidwe ka msasa, koma mvula ikagwa foni yawo imakhala yozima. Choipa kwambiri n'chakuti mpando umene akhalapo unali wa munthu wina, mwina volontiya wa ku Nkhulambe amene tsiku la ngozi adzakhaladi m'madzi. Mukaona kuti maphunziro amene mwaitanidwa munachita kale, nenani, ndipo tchulani dzina la mnzanu amene sanapiteko. Mbiri yotere imayenda. Mabungwe amauzana za anthu, ndipo m'dera lililonse amadziwika amene amabwera kudzagwira ntchito ndi amene amabwera kudzasaina.

Chachisanu ndi chimodzi, zimene mwaphunzira zifikitseni kumudzi. Ku Chilobwe, matope ndi miyala zitatsika m'phiri la Soche pa namondwe wa Freddy, oyamba kukumba anali anthu a m'deralo, ndi makasu, mafosholo ndi manja. Umu ndi mmene zimakhalira kulikonse. Galimoto za mabungwe zimafika pambuyo, ndipo ndalama za polojekiti zikatha zimabwerera. Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Otsala ndi eni mudzi. Dziko lathu linaphunzira zimenezi kalekale: napolo wa ku Phalombe wa mu Malichi 1991 ndiye anachititsa kuti pakhale lamulo loyamba loona za ngozi, ndipo pansi pa dongosolo limenelo panabadwa makomiti a m'midzi, a m'madera ndi a pa boma. Mu 2023 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo latsopano lotsindika kukonzekera ngozi isanagwe. Padziko lonse nawonso anavomereza mfundoyi: pamsonkhano wa ku Istanbul mu 2016, opereka ndalama ndi mabungwe akuluakulu analonjeza kuti 25 peresenti ya ndalama zothandizira pangozi izipita kwa mabungwe a m'maiko okhudzidwa. Lonjezoli silinakwaniritsidwe mokwanira, ndipo njira imodzi yolikakamizira ndiyo kuonetsa kuti luso lilipo kwathu konkuno.

Choncho mukabwerako ku maphunziro, pitani kwa amfumu, pemphani tsiku, sonkhanitsani komiti pansi pa mtengo. Phunzitsani m'chinenero chimene anthu amalota nacho, kaya ndi Chisena, Chilomwe, Chiyao kapena Chitumbuka, ndipo mawu achingerezi a m'holo muwasiye m'holo momwemo. Koma musapite ngati wodziwa zonse. Agogo a ku Chikwawa amadziwa kumene madzi amayambira kulowa m'mudzi, chulu chimene sichimira, njira imene ng'ombe zimathawira. Amadziwa nyumba imene muli nkhalamba yosayenda ndi imene muli munthu wosamva, amene sangamve wenzulo kapena chimkuzamawu. Zimenezi sizili m'buku la Sphere. Inu bweretsani muyezo, iwo abweretse kudziwa dera, ndipo mapu amene mujambule pamodzi adzakhala oona. Mwakhama lomwelo mverani madandaulo. Munthu wogweredwa ngozi si wopemphetsa. Ali ndi ufulu wofunsa chifukwa chake dzina lake palibe, ndipo inu muli ndi udindo womuyankha mwaulemu, ngakhale dzuwa likuswa mtengo ndipo mzere ukadali wautali.

Musadikire kalata yokuitanani kuti muyambe kuphunzira. Nthambi ya Red Cross ya m'boma lanu imaphunzitsa chithandizo choyambirira, ndipo ambiri mwa ife tinayambira pamenepo. Amene muli ndi foni ya intaneti, pa tsamba lotchedwa Kaya pali maphunziro aulere amene mabungwe osiyanasiyana anaika pamodzi, ndipo buku la Sphere limapezeka laulere. Ku yunivesite ya MUST, ku Thyolo, kuli maphunziro a digiri a kasamalidwe ka ngozi. Mu 2020 UNICEF mogwirizana ndi yunivesite ya Virginia Tech inatsegula kuno ku Malawi sukulu ya African Drone and Data Academy, yophunzitsa achinyamata a mu Africa kuulutsa ma drone ndi kutanthauzira zithunzi zake, luso limene limathandiza kuona kumene madzi afika ndi kumene msewu waduka. Mwayi ulipo wochuluka kuposa umene ife tinali nawo. Koma sankhani luso limodzi, kaya madzi ndi ukhondo, kaya mtengatenga, kaya chitetezo cha ana, n'kulidziwa mpaka pansi. Pamsasa amafuna munthu amene angamusiyire ntchito n'kuchokapo osacheuka.

Pomaliza, dzisamaleni. Musakwere boti opanda jekete loyandamitsa, ngakhale ena akusekeni kuti ndinu amantha. Musawoloke madzi othamanga pofuna kuonetsa chamuna, ndipo kumbukirani kuti Shire akasefukira ng'ona zimayenda naye. Wopulumutsa akamira, anzake amasiya anthu khumi kuti asake iyeyo. Mudzaonanso zinthu zimene maso sayenera kuona: mitembo ya ana, mayi wofunafuna banja lake m'matope. Zimenezi zimatsalira mumtima. Musazikwirire ndi mowa. Khalani pansi ndi anzanu amene munali nawo, kambiranani, lirani ngati misozi yabwera, pitani kwa abusa, kwa shehe kapena kwa aphungu a zamaganizo. Maphunziro abwino amakhala ndi gawo limeneli, ndipo musalione ngati lachibwana.

Ana anga, anamondwe sanathe. Tinaona madzi a 2015, Idai mu 2019, Ana ndi Gombe mu 2022, Freddy mu 2023, ndipo ena akubwera. Mabungwe adzasintha maina, mapolojekiti adzatha, ife tidzapuma. Amene mudzaime pamsasa ndinu. Mukaitanidwa ku maphunziro, fikani pa nthawi yake, khalani kutsogolo, funsani, gwirani ndi manja, dziwanani ndi a mabungwe ena, ndipo mvula isanagwe kaphunzitseni a kumudzi kwanu zonse zimene mwatenga.